Diresi la Rozita Kudoko la Quelimane

Mukadzafika kwathu ku Majaua n'kumva ana akundiitana kuti "a Tiyu a Matope", musadzafunse chifukwa chake pagulu. Bola ndikuuzeni ndekha, chifukwa mlongo wanga akamafotokoza nkhaniyi amathira mchere wambiri.

Mwana wa mlongo wangayo, Rozita, ankakwatiwa, ndipo ine monga malume ake (kwathu timati tiyu) ndinali nkhoswe. Mtsikanayu anakaniratu diresi lobwereka lija lakwatitsa theka la mudzi wathu. Ankafuna lakelake, latsopano, la ku Quelimane. Amayi ake anagulitsa nyemba zonse, ine n'kudzipereka kukagula (kunena zoona, ndinkangofuna kukaona sitima zapamadzi ndisanafe).

"Achimwene, mukangogula mubwerere," anatero mlongo wanga pondikweza shapa, minibasi yakwathu, ku Milange. "Ukwati ndi Loweruka lomweli. Musakayambe zanu zija."

"Zanga ziti? Ine ndine mwana ngati?"

Quelimane ndi tauni yokalamba, abale. Nyumba zimene anasiya Apwitikizi zinasupuka makoma ngati zili ndi zipere, tchalitchi chakale chili m'mbali mwa mtsinje, ndipo njinga za kabaza n'zochuluka moti woyenda pansi amachita manyazi. Kutentha kwake nako, thukuta limatuluka ndi m'makutu momwe. Diresi ndinalipeza m'mawa m'loja ya mmwenye wina, loyera mbee, lamchira wautali. Anandiikira m'chikwama chachikulu cha mizeremizere.

Wanzeru akanakwera shapa pompo. Koma ine misewu ya masitolo inkandikodola. Vuto linali lakuti pakhomo la loja iliyonse mlonda ankati chikwama ndisiye kwa iye. Ine kusiyira diresi munthu woti sindidziwa ngakhale mudzi wake? Ayi ndithu.

Kwathu katundu sitizungulira naye. Khasu timalibisa kumunda, kulifunditsa udzu, mawa n'kulipeza pomwepo. Choncho ndinatsikira kudoko kukafuna pobisa. Kunsi kwa khoma kunali bwalo lalikulu, madzi ali kutali uko, ndipo mabwato anali atagona chammbali pamtunda, atawamanga ndi zingwe zazitali. Ndinaseka ndekha. Anthu a kuno amamanga bwato pouma ngati mbuzi, kuopa kuti lithawa? Ndinayang'ana kumwamba, mtambo kunalibe ndi umodzi womwe. Ine ndakulira pa Ruo, ndimadziwa kuti mtsinje umadzaza mvula ikagwa basi.

Ndinamangirira chikwama pachikhomo cha bwato lina chakufupi ndi khoma, n'kuchifunditsa masamba a kokonati. Kenaka ndinalowa m'tauni manja ali m'thumba ngati bwana. Ndinayenda loja ndi loja, kufunsa mitengo ya mafiriji (kunyumba kwanga kulibe magetsi), kuyesa zipewa, kutsutsana ndi ogulitsa mawotchi. Ndinadya nkhuku yootcha yothira kokonati mpaka kunyambita zala. Ndinagulanso magalasi akuda oti ndikatchene nawo paukwati.

Dzuwa litapendeka ndinabwerera kudoko. Ndinayamba ndavula magalasi aja, poganiza kuti ndiwo akundinamiza. Bwalo lija panalibe. Madzi anali atafika pakhoma, mabwato akuvina pamwamba, kumwamba kuli ngwee.

Pakhomapo panali mkulu wina akusoka ukonde. Ndinamufunsa m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka.

"Bambo, mvula yagwa kuti?"

"Mvula yanji?"

"Nanga madziwa achokera kuti?"

"Kunyanja. Amabwera tsiku lililonse, kenaka amabwerera."

"Tsiku lililonse? Nanga bwanji simuika chikwangwani?"

Mkuluyo anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kufunsa kuti, "Mwabisa chiyani?"

Ndinavula shati ndi thalauza, n'kutsala ndi kabudula wam'kati amene mkazi wanga anandiuza kalekale kuti nditaye. Ndinalumphira m'madzi, n'kugwira chingwe cha bwato lija mpaka kupeza chikhomo. Chikwama ndinachimasula ndithu. Koma pobwerera, matope anandimeza miyendo mpaka m'ntchafu. Ndikazula uwu, uwo ukulowa. Pamwamba pakhoma anthu anadzaza, amayi ogulitsa nthochi, akabaza, ena akujambula pafoni. Anandiponyera chingwe n'kundikoka ngati ng'ombe yagwera m'dzenje, chikwama ndili nacho pamutu (mochedwa, ndikudziwa).

Nditatsegula, diresi lija linali lasanduka mtundu wa tiyi wamkaka. M'mchira mwake munatuluka tinkhanu tiwiri. Fungo lake ndiye ndisanene, m'shapa pobwerera ndinakhala mpando wonse ndekha.

Mlongo wanga analichapa ndi sopo, mandimu, mankhwala oyeretsera, akutukwana makolo anga amene ali makolo akenso. Silinayere. Koma chimene chinandipweteka si iye ayi. Rozita sanakalipe. Anangolinyamula, n'kuliyang'ana, misozi n'kuyamba kutsika. Ndinalakalaka matope aja akanandimeza yense.

Loweruka anavala diresi lobwereka lomwe analikana lija, atalipana ndi mapini kumsana. Nthawi ya malangizo itakwana, ine nkhoswe ndinaimirira n'kuuza akwati kuti azisamala katundu wa m'nyumba. Azakhali a mkwati anatsokomola mokweza n'kuti, "Makamaka pafupi ndi madzi." Tchalitchi chonse chinaphulika, ndi abusa omwe.

Mpaka lero ine ndimati wolakwa ndi mtsinje wodzaza popanda mvula, koma palibe wondivomereza. Chaka chatha Rozita anabereka mwana wamkazi, ndipo ndinapita kukamuona. Nditapempha kumunyamula anandipatsa mwaulemu ndithu, ine n'kuti basi, mwana wandikhululukira. Ndiye anatembenukira kwa mwamuna wake n'kunena motsitsa mawu, koma ndinamva:

"Khalani nawo pafupi a tiyu, angakamubise."