Tsiku limene ndinatsuka magetsi a ba Gabson

Kuno ku Chinyunyu, ukapatsana moni wa chanza ndi ba Gabson, unkayamba wayang'ana dzanja lako usanagwire chitenge. Manja awo anali ofiira chaka chonse, zala bii ndi madzi a mabulosi. Munthu uja, Mulungu amusunge, sankatha kudutsa chinthu chokhala ndi mtundu. Kaya duwa, kaya tsamba, kaya ndiwo m'mbale ya eni ake, ankaima, kufinya, kukweza kudzuwa, n'kufunsa funso lawo lija: "Kodi aka kamadya dzuwa?"

Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pasukulu ina yaikulu ku Lusaka, kutsuka mabotolo m'chipinda mmene anthu ophunzira amayesera mankhwala. Atapuma, analibe mkazi, analibe mwana, analibe kolowera. Malemu amuna anga anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi mtengo wa mabulosi. Anabwera ndi thiranki imodzi chabe, ndipo theka lake munali timagalasi tating'ono ngati bokosi la machesi, timene ophunzirawo anataya.

"Amake Exildah," ankandiuza, "tsamba lililonse ndi sola ya Mulungu. Kunja uko anthu akupanga sola kuchokera ku utoto, yopyapyala ngati pepala, yoti mungapinde monga chitenge. Ngakhale galasi la mafoni ena limawala ndi zinthu za mtundu womwewo."

"Ba Gabson, ine sukulu ndinalekera giredi folo, koma ndidziwa kuti chibwabwa sichitchaja foni."

"Sichinayambe chabe."

Paukwati wa Dolly, mwana wa mng'ono wanga, anawapatsa saladi wa bitiruti. Anthu akudya, iwo akuthira m'thumba la jekete. Anatuluka mu holo madzi ofiira akudontha pa buluku, azimayi n'kuyamba kukuwa kuti mdala walasidwa. Tsiku lina ndinawapeza atavundukula poto wanga wa ndiwo za lumanda, akutunga msuzi ndi kabotolo. Koma chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri ndi mapegi anga oyanikira zovala. Ndikagula khumi ndi awiri, pofika Lachisanu atsala anayi.

"Ba Gabson, mapegi anga ali kuti?"

"Ali pantchito, mayi."

Ntchito yake inali iyi. Kagalasi kamodzi ankakapaka ufa woyera n'kukaotcha pambaula, kenako n'kukaviika m'madzi a mabulosi mpaka kafiire. Kena ankakadetsa ndi mwaye wa kandulo. Pakati dontho la ayodini wa pa zilonda, n'kuphatikiza tiwiriti, n'kupana ndi mapegi anga, n'kumangirira tiwaya. Akatero ankayanika timagalasito padenga ngati kapenta. Tonse tinkaseka, mpaka mvula yoyamba ya chaka chija.

Lachinayi masana mphezi inagwa pakhomo pa ba Obby n'kupha mbuzi zitatu. Ba Obby ndi dalaivala wa minibasi, ndiponso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, munthu wa mawu aakulu. Akazi awo, ba Charity, anakumbuka kuti m'mawa womwewo anaona ba Gabson ali padenga, akuloza kumwamba ndi tinthu tofiira. Pofika Lachisanu pamjigo, mabulosi aja anali atasanduka magazi. Pofika Loweruka, anali magazi a mwana. Amuna ena pamsewu anayamba kukamba za petulo ndi machesi.

Abusa Silas anabwera okha pakhomo. Anati, "Ba Gabson, ine moto sindiufuna. Mawa tikatuluka mapemphero muonetse anthu chimene magalasi anu amachita. Zikakanika, sinditha kuwagwira. Mudzakwera basi yoyamba."

Basi yopita kuti? Mdala wa zaka makumi asanu ndi awiri, ku Lusaka alibe ngakhale galu womudziwa.

Koma iwo anangoseka. "Abusa, mabulosi adzayimba." Anali ndi kachitsulo kakang'ono kochotsa mu khadi ija ya befide, ya tsiku lobadwa, imene ukatsegula imalira kanyimbo. Batire anachotsamo. Anakonza magalasi asanu ndi limodzi, n'kuwaika m'bokosi la nsapato, n'kumanga ndi chingwe. Masana anatenga sopo n'kupita kukasamba ku kasupe wa madzi otentha kuti Sondo akaoneke ngati munthu.

Ine ndinatsala ndi mantha. Ndinagwada kuchipinda, ndinapemphera, mtima osakhazikika. Ndinati, lekani ndikaone chimene anthu akaone mawa. Ndinalowa m'nyumba mwawo, ndinamasula bokosi lija. Mayo ine! Kufiira kuja kutada ngati magazi ogona, mwaye bii, fungo la kuchipatala, tiwaya tili ngati ndevu. Ngakhale ine amene ndinkaona mabulosi akufinyidwa, tsitsi linandiimirira. Ndinati, anthu aja akangoona izi, sadikira nyimbo iyayi. Ndipo ine mlendo wanga sapita pagulu ndi ziwiya zakuda.

Ndinatenga beseni, sopo, mchenga ndi sitiliwulo. Ndinakwecha kagalasi kalikonse mpaka ndinadziona nkhope. Ndinapukuta, ndinaphatikiza, ndinapana ndi mapegi monga analili, ndinamanga bokosi. Ndinathokoza Mulungu pondipatsa nzeru.

Sondo anthu anadzaza pabwalo la tchalitchi, ena amene sanalowemo chibatizidwire. Tebulo anaika padzuwa. Kumbuyo kunaima amuna atatu ndi chigubu chachikasu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mulibe madzi. Ba Gabson anamasula chingwe, anatsegula bokosi.

Anaima. Anakweza kagalasi kamodzi, dzuwa likudutsa mbee. Anandiyang'ana kamodzi chabe, n'kubweza maso pansi.

"Abusa," anatero chapansipansi, "zakanika."

"Mwaona!" ba Obby analumpha, suti yawo yoyera ikuwala. "Akazi anga anaona magazi ndi maso awo! Manje ali kuti? Athawa! Afika pabwalo la Ambuye, magazi athawa! Aleluya!"

"Ameni!" anthu anayankha. Azimayi anayamba kulankhula malilime. Chigubu chija chinayamba kuyenda kulowera kwathu. Wina anakuwa kuti, "Akwere lero lomwe!" Ba Gabson anali akubwezera timagalasi m'bokosi kamodzikamodzi, dzina langa osalitchula.

Ndinadziwa kuti ndikakamba, adzati amake Exildah ndi mnzake wa mfiti, ndipo nyumba zathu zinayandikana, moto susankha denga. Ndinati, Yesu, ndigwireni pakamwa kapena nditsegulireni. Ananditsegulira.

"Ba Obby, khalani pansi!" Mawu anatuluka aakulu kuposa ine. "Ambuye amatsuka machimo. Magalasi awa ndatsuka ndine, dzulo, ndi sitiliwulo. Beseni likadali pakhomo, mukaone njere za mabulosi."

Anthu onse anatembenukira kwa ine.

"Munatsukiranji?" abusa anafunsa.

"Anali akuda, abusa. Inu mukanabwera nawo pagulu?"

Wina anaseka kumbuyo, koma ba Obby sanaseke. "Ndiye mwabisa umboni. Muli pamodzi."

Apo ba Gabson anadzutsa mutu. "M'thiranki mwatsala magalasi opaka ufa kale. Ine sindigwira kanthu, manja anga mumawaopa. Apange ba Obby okha. Ine ndizingokamba."

Ba Obby anafuna kukana, koma abusa anati, "Munthu wa chikhulupiriro ngati inu angaope chipatso?"

Ndinathamanga ndi abusa kukatenga thiranki, ndipo podutsa abusa analanda chigubu chija n'kuchikhalira pobwera. Mabulosi ba Obby anathyola okha. Anafinya m'mbale atatambasula manja kutali, komabe madzi anawazikira pa suti, kuyambira pa kolala mpaka m'thumba. Ba Charity anagwira magalasi pa kandulo akupemphera mokweza. Ayodini anachokera m'nyumba ya abusa. Mapegi ndinapereka ndekha, koyamba m'moyo wanga.

"Manje tidikire amwe mtundu," anatero ba Gabson.

Tinadikira. Ndipo tikudikira, kummawa kunayamba kuda. Mtambo unakwera kuchokera kumapiri, bingu likugunda patali. Anthu anayamba kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana ba Gabson.

"Akuitananso," ba Charity ananong'ona, koma tonse tinamva.

Pamene ba Obby anamaliza kulumikiza tiwaya, dzuwa linali litalowa mumtambo. Kachitsulo kaja kanali duu. Mphindi imodzi. Ziwiri. Ine ndinapempherapo za ana, za matenda, za maliro, koma sindinapemphepo dzuwa ngati tsiku lija. Ndinati, Atate, ndinalakwa ndine, musalange mdala chifukwa cha ukhondo wanga. Kabowo kamodzi chabe.

Mtambo unang'ambika. Kuwala kunagwa patebulo.

Poyamba ndinayesa udzudzu. Kamawu kakang'ono, kokoka, kopotoka ngati kwaya ya anthu a njala. Koma kanali kanyimbo. Anthu anasendera, makutu patsogolo.

Ba Obby anavula chipewa n'kuphimba magalasi. Kanaleka. Anachotsa. Kanayamba. Anaphimbanso. Kanaleka. Anachita kasanu, pakamwa pali yasa.

"Mulibe batire?"

"Mwamanga ndinu," ba Gabson anayankha. "Mabulosi adya dzuwa, atulutsa kamoto. Kamoto kameneka, ba Obby, sikangaphe ngakhale nsabwe ya mbuzi. Koma mukamangirira mbuzi ndi tcheni pansi pa mtengo wautali kuposa yonse, mvula ikubwera, musadzafunenso mfiti."

Abusa anaimirira pachigubu paja. "Abale, tinagwirizana kuti wa manja ofiira akwera basi. Ba Obby, onetsani manja."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo mvula inatipeza tikuseka.

Madzulo ake ndinapita kukapepesa. Magalasi ndinatsuka aja anali atafa, chifukwa ati pamwamba pake pamakhala kakhungu kosaoneka kamene kamayendetsa magetsi, ndipo ine ndinakakwecha konse. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Anatenga kamodzi, anakatembenuza kudzuwa.

"Zaka zonse zija ndakhala ndikutsuka magalasi, sindinaonepo loyera chonchi. Mukanabwera ku Lusaka, mayi, ntchito mukanandilanda."

Kanyimbo kaja kanatha patapita masiku ochepa. Anati mtundu wa chipatso umatopa msanga, ndiye chimene ophunzira akulimbana nacho mpaka lero. Anapitiriza kuyesa, ndipo ba Obby ankawabweretsera maluwa achilendo a ku Lusaka pa mpando wa kutsogolo wa minibasi. Foni sanatchajepo ngakhale imodzi.

Anatisiya chaka chatha, nthawi yozizira, ndi chifuwa. Amuna osambitsa thupi anatuma ba Obby kwa ine. Anati, "Amake Exildah, manja akukana kuyera. Tibwerekeni sitiliwulo."

Ndinati, "Asiyeni. Ine ndinatsukapo kamodzi. Akafika, Mwini mabulosi adzawadziwa ndi manja omwewo."

Manje mabulosi akapsa amangogwa, nkhuku n'kumapondaponda. Paukwati saladi amathera m'mimba. Poto wanga palibe amamuvundukula. Mwezi watha ndinagula mapegi khumi ndi awiri, ndipo Lachisanu lililonse ndikamaanula zovala ndimawayang'ana pachingwe. Onse alipo. Palibe ngakhale imodzi ili pantchito.