Tsiku limene ndinadzola polishi wa pakhonde

Mpaka chaka chathachi ine ndinkakhulupirira kuti hausi ya kusukulu ili ngati mfunda: bambo akakhala Phiri, mwana ndi Phiri, mdzukulu ndi Phiri, palibe zokambirana. Chikhulupiriro chimenechi n'chimene chachititsa kuti lero ana a sukulu akandiona pa mashopu azikodolana.

Kwa inu amene simunapondeko ku sekondale, hausi ndi magulu aja amagawamo ana pa tsiku la masewera, gulu lililonse ndi mtundu wake wa malaya. (Ndikulankhula ngati ndinapondako kwambiri. Ndinalekera pakati pa Fomu 2, titagwirizana ndi ahedi kuti ku mafakitale a ku Kelvin kukufunika anthu onyamula zitsulo.) Pa sukulu yathu ya kuno ku Luveve ine ndinali wa hausi yofiira. Mwana wanga Fuledi atalowa pomwepo anamuikanso kofiira. Ndiye Nomsa, mwana wa Fuledi, akanakhalanso kuti? Sindinafunse n'komwe.

Nomsayo anali Fomu 4, ndipo ndi mwana waliwiro. Bambo ake ali ku Joni, mayi ake amasoka ku fakitale ku Kelvin komwe Lachisanu, tsiku la masewerawo, sapereka chilolezo. Choncho anabwera kwa ine. Anati zaka zonsezi palibe wa kunyumba anamuonererapo akuthamanga, ndipo uno unali mpikisano wake womaliza. Anatinso atsikana anayi opambana pa liwiro lopatsirana kamtengo ndi amene adzapite kukaimira sukulu yonse. Iye amalankhula Chindebele, ine ndimayankha Chichewa, timamvana bwinobwino. Koma pofika pa mfundo yaikulu anachita kuthyola Chichewa kuti ndisanamizire kusamva, kupatula mawu oti Khulu, amene pa Chindebele ndiye kuti agogo.

"Khulu, mubwere, mukhale pansi, muombe m'manja. Basi."

Ndinalonjeza. Komatu sananene kuti ndibwere ndikuoneka bwanji.

M'nthawi yathu munthu sunkapita ku masewera khungu lili mbee. Tinkakumba katondo kudambo la kuseri kwa sukulu, n'kudzola thupi lonse, mpaka mayi ako okubereka ankakudutsa pa msewu. Lachisanulo m'mawa ndinapita kudamboko. Ndinapeza nyumba, tchalitchi ndi malo otsukira magalimoto. Ndikubwerera ndili khuma, maso anagwera pa chitini cha polishi wofiira chimene amake Fuledi anagula kuti apake pakhonde, popeza Loweruka lake kunkabwera amayi a mvano. Iwo anali atapita kumsika. Ndinati nditapako pang'ono, za pamasaya zokha. Masaya atafiira, dazi linaoneka losiyidwa. Dazi litafiira, mikono inadandaula. Pofika pamimba (ndipo mimba yanga ndi munda ndithu) chala chinagunda pansi pa chitini.

Ndinavala jekete pamwamba n'kukakwera kombi. Windi, kondakitala wake, anandiyang'ana kuyambira kumutu, n'kufunsa ngati ndikupita ku chipatala. Nditati ayi, anayala katoni pampando n'kundichenjeza kuti ndisatsamire. Mayi wina pambali panga ananunkhiza mpweya n'kunena kuti wina wake wakolopa bwino lero.

Kubwalo ndinapeza zinthu zasintha osandiuza. Panalibe wodzola ngakhale mmodzi. Ana anavala masikipa osindikiza bwino, hausi iliyonse ili ndi tenti yake ndi chisipika chake chikugunda nyimbo za ku Joni. Oimba panalibe. Anthu ankachemerera ndi dzanja limodzi, linalo litagwira foni. Makolo anali phee pansi pa maambulera ngati akudikira dzina ku kiliniki. Munthu wanzeru akanamanga mabatani n'kubwerera. Ine ndinavula jekete.

Mafoni onse anatembenukira kwa ine.

Ndinalunjika ku tenti yofiira, mimba patsogolo, ndikufunsa kuti Nomsa ali kuti. Ana ankangoyang'anana. Kenaka wina anandigwira chigongono ndi zala ziwiri. Anali Nomsa. Atavala sikipa yobiriwira.

Anandiuza ndi mawu otsika kuti masiku ano mayina amagawa ndi kompyuta, ndipo kompyuta sidziwa agogo a munthu. Iye ndi wobiriwira kuyambira Fomu 1, sikipayo imayanikidwa pa chingwe cha kunyumba kwanga komwe. (Ndinkaiona. Ndinkayesa ya ku Sande sukulu.) M'maso mwake munali misozi, ndipo apa nthabwala zinandithera. Anandilozera thanki ya madzi kumapeto kwa bwalo kuti ndikakhale kuseri kwake, ndipo wina akafunsa ndinene kuti ndasochera.

Ndinanyamuka ndithu ulendo wa kuthanki, Mulungu ndi mboni. Koma njira yake inkadutsanso pa tenti yofiira, pomwe panali zii ngati pamaliro. Chisipika chawo chinali chitangotha moto, magetsi atazima usiku, ndipo pa mapointi ofiira anali kumchira. Mtsikana wina wamkulu, pulifekiti, anandiimitsa mwaulemu n'kufunsa ngati n'zoona kuti kale hausi yofiira inali ndi nyimbo yakeyake.

Munthu wokalamba ungamufunse ndalama, akana. Koma osamufunsa nyimbo ya kale.

Ndinati ndiwaimbira kamodzi kokha. "Bomvu, bomvu, sukani endleleni!" Ndiye kuti ofiira afika, chokani m'njira. Pamenepo umaponda pansi kawiri n'kudzimenya pamimba. Anayamba atatu, mwamanyazi. Posakhalitsa tenti yonse inali chiimire, fumbi kobo, mafoni ali m'matumba. Dzuwa nalo linayamba kusungunula polishi, ndipo ana anafola mzere, aliyense kupaka chala pamimba panga n'kudzilemba pamasaya. Ndinasanduka chitini.

Ndipo ofiira anayamba kupambana. Kamnyamata kena kamene sikanadumphepo ngalande kanapambana kulumpha. Ine ndili pakati, thukuta lofiira chuchuchu, ndikudziona ngati mnyamata wa Fomu 2 amene ahedi sanamuthamangitse. Za thanki ndinaiwaliratu. Ndinadzidzimuka mphunzitsi wolengeza atanena kuti ofiira apezana ndi obiriwira, ndipo nkhani yonse ithera pa liwiro la atsikana lopatsirana kamtengo. Ndinaponya maso kutsidya. Nomsa anali akumanga nsapato, akundiyang'ana momwe umayang'anira mbuzi ya kwanu ikudya m'munda mwako. Ndinali nditadzutsa gulu lankhondo loti likagwetse magazi anga omwe.

Likhweru linalira. Nomsa anali womaliza kulandira kamtengo, ndipo kanamufika mochedwa, mtsikana wofiira atapita kale patsogolo. Tsono m'nthawi yathu, wako akamatsalira, unkathamanga naye m'mbali mwa chingwe ukumutchula dzina mpaka akafike. Miyendo yanga inakumbukira mwambowo mutu usanavomereze. Ndinangozindikira ndikuthamanga, mawondo akulira ngati geti ya dzimbiri. Ndipo dzina limene linatuluka pakamwa si Nomsa ayi. Linali la kunyumba, limene tinamupatsa chifukwa anakana kusiya botolo la mkaka mpaka akuyamba sukulu.

"Kabotolo! Thamanga, Kabotolo!"

Ana ofiira aja, poti tsiku lonse ankangobwereza chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga, anandilondola pambuyo onse, akuponda pansi, akuimba Kabotolo. Nomsa anacheuka kamodzi. Anaona nkhalamba yofiira, yopanda malaya, ikunyezimira, ikubwera ndi khamu lonse likufuula chinsinsi chake. Liwiro limene anatulutsa pamenepo sindinalionepo, ngakhale kwa akuba a mu tauni. Mtsikana wofiira uja anangomva mphepo.

Anapambana. Ine ndinafika mochedwa, ndikupuma ngati basi yakale pa chitunda, n'kumukumbatira ndi mtima wonse. Nditamusiya, sikipa yobiriwira ija inali ndi chithunzi cha mimba yanga, mchombo womwe. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene anajambula anayi opambanawo kuti akapachike ku ofesi. Aliyense wolowa ku ofesiko lero amaona atsikana atatu obiriwira ndi mmodzi wosadziwika bwino mbali yake.

Pobwerera palibe kombi inatilola, ndiye tinayenda wapansi, iye patsogolo, ine pambuyo. Ndinamuuza kuti aone mphamvu ya mwambo wa makolo. Iye anayankha osacheuka.

"Khulu, sindimathamangitsa mtsikana uja. Ndimathawa inuyo."

Koma ponena zimenezo pakamwa pankanjenjemera ngati pa munthu wobisa kuseka, ndipo satifiketi yake anandipatsa ine kuti ndinyamule, atayamba wandikulunga dzanja m'pepala lapulasitiki. Kukaimira sukulu anapitadi. Dzina la Kabotolo linamukanirira mpaka kwa aphunzitsi, ndipo Nomsa anandiletsa kufika ku masewera ena alionse. Ofiira okha anatumiza pulifekiti uja kudzafunsa ngati ndidzapezeke chaka chino. Sindinayankhebe. Ndaphunzirapo kuti munthu uzifunsa kaye mtundu wa sikipa. Zoti ndisadzadzolenso, pamenepo sindinalonjeze munthu.

Madzulo a tsikulo ndinalowa pa geti mwakachetechete, ndikuganiza zofunafuna palafini. Amake Fuledi anali atakhala pa mpando pakhonde losapakalo, chitini chopanda kanthu chili pamiyendo. Vidiyo anali ataionera kale, amayi a mvano anawatumizira atatu. Sanakalipe. Anandiyang'ana kuyambira pa dazi mpaka pa lamba, kenaka anayang'ana simenti yotuwayo.

"Bambo a Fuledi, musasambe. Vulani jeketeyo mugubuduke apa, muyambire ku chitseko. Alendo akubwera mawa."