Nkhondo ya Chitsulo cha pa Kapela

Tcherani khutu, inu mapiri a Zóbuè, nanunso zigwa zotsikira ku Moatize kumene malasha amadetsa ndi malovu omwe, pakuti ndikusimba za masiku aja njanji itangofika kumene, padiri akuoneka m'midzi kamodzi pa chaka ngati inswa, masiku amene amuna aakulu ankagwetsedwa ndi tinthu tating'ono.

M'mudzi wa Kanyimbi munali Januário, katekista wa kapela ya udzu, Mkonzeratu, Njovu Yosaiwala, munthu wonola khasu mvula isanaganize n'komwe zobwera. Atamva kuti padiri adzafika anthu akakolola kudzabatiza ana, mmodzi mwa iwo mdzukulu wake woyamba, mkuluyu sanakhalenso pansi. Amayi anazira kapela, anyamata anamanga chipata cha masamba a nthochi, nkhalamba zinayeserera kugwada mpaka mawondo kutuwa, ndipo njira yochokera kumsewu inasesedwa mpaka nyerere kusowa pobisala. Pamwamba pa zonse anaika lamulo: pa tsikulo munthu asatuluke m'nyumba, asaponde njirayo, kufikira chitsulo chitalira.

Chitsulocho chinali chidutswa cha njanji chopachikidwa pamtengo, choitanira anthu ku mapemphero. Anabwera nacho ndi Baptista, Chiphaliwali cha ku Mgodi, Wosenza Zosasenzeka, amene anachipeza ku Moatize m'njira imene akhristu abwino safunsa. Yemweyo ndiye anasankhidwa kudzaimira mdzukulu wa Januário uja pa ubatizo, moti awiriwa anali atayamba kale kuitanana kuti kumpadre.

"Akatekista," anatero Baptista pamaso pa mpingo, akuvula malaya, "phewa ili ndi limene linakweza chitsulochi mapiri onsewa. Chipsera chake nachi. Padiri akafika, ndiliza ndine."

"A kumpadre," anayankha Januário ataloza kumwamba, "chimene mwapereka kwa Mulungu mwapereka. Kuliza chitsulo ndi utumiki, si kuswa malasha ayi. Inu ndakuikani pogwira ambulera."

"Ambulera? Ine amene ndinalowa m'mimba mwa dziko n'kutulukamo wamoyo?"

Apo nkhondo inabuka. Akazi awo anasiya kubwerekana mtondo, ndipo ngakhale nkhuku zawo zinayamba kudya kosiyana.

M'mawa wa tsiku lalikulu, Mkonzeratu anatenga nyundo yolizira n'kuibisa m'nkhokwe. Chiphaliwali chitapeza nyundo palibe, chinamasula chitsulo, kuchisenza paphewa lomwe lija, kukachigoneka m'nyumba mwake n'kuchikhalira. Januário pobwera ndi nyundo yake anapeza waya yekha akugwedezeka pamtengo. Anathamangira kwa mdani wake podzera m'mapesi, chifukwa ngakhale pa nkhondo sakanaponda njira yosesedwa.

"Tulutsani chitsulo cha Mulungu," anafuula ali pakhomo.

"Lowetsani nyundo ya Mulungu," linayankha liwu m'katimo.

Ali m'kati mokumbutsana za makolo awo, phokoso la mthuthuthu linamveka kumsewu. Januário analimva bwinobwino, natsala pang'ono kuthamangira komweko, pakuti mdzukulu wakeyo ankamukondadi kuposa maso ake. Koma kulandira padiri chitsulo chisanalire kunali kosemphana ndi dongosolo, ndipo dongosololo anakonza ndi iye. Anangomanga nkhope n'kugwiritsitsa nyundo.

Padiri anafika pakapela yozira bwino, napeza mbuzi ikudya chipata cha nthochi. Anaodira, anaomba m'manja, analiza hutala. Mpingo wonse unali m'nyumba, utasamba, utadzola, ukusuzumira m'ming'alu ya zitseko n'kumanong'onezana kuti, "Chitsulo sichinalire." Kumvera kotere sikunaonekenso m'dziko la Tete. Padiri poona njira yopanda phazi ngakhale limodzi, anaganiza kuti mudzi wonse waolokera ku Nyasalande kuthawa chibalo. Anadalitsa mbuziyo pokhala panalibe wina, nakwera mthuthuthu wake kunka ku midzi yosakonzekera.

Amene anaswa lamulo anali Piedade, mwana wamkazi wa Januário. Anadzera pakati penipeni pa njirayo, khanda lake loyembekeza ubatizolo lili kumsana m'kansalu kake koyera, nakaima pakati pa ngwazi ziwirizo.

"Bambo, apita," anatero osakweza mawu. "Mwanayu mwamukonzera zonse, kupatula ubatizo."

Zitseko sizichedwa kutseguka zinthu zikaonongeka kale. Pangano la mtendere linamangidwa pomwepo: chitsulo chibwerere pamtengo, ndipo ngwazi zonse ziwiri zigwire mpini umodzi wa nyundo. Anachimenya pamodzi, chinalira mpaka kutsidya la malire, ndipo mpingo unatuluka m'mizere monga unaphunzitsidwira. Anthu anaimba nyimbo yolandirira mlendo, nagwadira mkukuluzi wa tayala la mthuthuthu mopanda kulakwitsa ngakhale bondo limodzi. Baptista anagwira ambulera mwaulemu pamwamba pa mpando wopanda munthu. Tambala amene anaphera padiri anadyedwa ndi a kumpadre awiriwo, akugawana chiwindi ndi misozi m'maso, ndipo Januário analengeza kuti, kungochotsapo padiriyo, zonse zinayenda monga mwa dongosolo.

Chaka chotsatira mwanayo anapita ku ubatizo akuyenda ndi miyendo yake. Mthuthuthu utangomveka kumsewu, a kumpadre akupatsanabe ulemu kuti agwire kumunsi kwa mpini ndani, Piedade anatola mwala n'kuliza chitsulo.