Pikapu Yonunkhira Tchipisi

Sindinauzepo munthu, koma amene anaphunzitsa mbava zija za injini ndine. Amayi atangomva, zonditumiza kusukulu ya umakaniko zithera pomwepo.

Ndinali nditangolemba mayeso a Folomu 4, ndikuthandiza amayi kugulitsa kachasu kwathu ku Lifuwu. Amalume anga, amene amadzitcha Jenerali, anali pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo awiri, Sipanala ndi Kampango. Botolo lachitatu litatha, pulani inabadwa: kuba pikapu yakale ya a Sulaiman, yonyamula mpunga, Lachisanu masana eni ake ali kumzikiti.

"Dilu ndi ya bho, aise, koma pampu ya petulo inafa dzulo," anatero Kampango.

"Edina, tabwera nayo kuno sukulu yakoyo!" anakuwa amalume.

Ndinayang'ana pansi n'kunena zimene ndinaloweza. Kabuleta imasakaniza petulo ndi mpweya, injini n'kumeza. Pampu ikafa, munthu akhoza kudonthezera petulo pakamwa pa kabuleta. Ndinafuna kuwonjezera za oyilo, kuti popanda iye zitsulo zimakhulana, n'kutentha, n'kugwirana. Koma Sipanala anali atayamba kale kuvina, ndipo ine sindidula mawu akuluakulu.

Lachisanu anaipeza pikapu ili yokha, pansi pake pali beseni la oyilo wakuda bii. A Sulaiman anali atamukhetsa kuti adzathire watsopano akabwerako, bawuti yotsekera n'kupita nayo m'thumba.

"Mdalayu ndi wauve," anatero Jenerali. "Ife tiimwetsa zaukhondo."

Kampango anathamangira pachiwaya cha a Rute ogulitsa tchipisi, nawonso atapita kukatunga madzi, n'kubwerako ndi chigubu cha mafuta okazingira tchipisi. Anathira pamwamba, mafuta n'kutulukira pansi. Anathiranso, chimodzimodzi. Atatsala theka m'pamene anaona bowo, n'kulitseka ndi chitsononkho.

Ananyamuka chonchi: boneti ili yasa, Sipanala atakhala m'mphepete mwa injini akumwetsa kabuleta petulo ndi supuni ngati mwana wodwala. Jenerali pachiwongolero sankaona kanthu koma boneti. Kampango anaima kumbuyo kuti aziuza njira.

"Kumanja, bigi!"

"Kumanja kwa ndani?"

"Kwanga!"

Tsoka lake, Kampango anali atatembenuka kuyang'ana agalu. Injini itatentha, msewu wonse unanunkhira tchipisi, ndiye agalu asanu ndi awiri, ana a sukulu ndi akabaza anjala anali pambuyo pawo. Mbuzi ina inadya chitsononkho chija chitangogwa.

Injini inayamba kugogoda ngati mfiti pachitseko, kenako gwa! Inauma. Jenerali atasuzumira, anapeza aima pakhomo penipeni pa mzikiti, anthu akuvala nsapato.

A Sulaiman anazungulira galimoto yawo kawiri, akununkhiza. Sanakalipe. Analanda supuni kwa Sipanala n'kuiyang'anitsitsa.

"Za mafutazi ndi uchitsiru wanu, ndikuona. Koma za kabuletazi wakuuzani ndi munthu wa mutu. Ndani ameneyo? Apolisi akufika, akamutengere limodzi."

Ine ndinali m'gulumo. Kampango anandiyang'ana. Sipanala anatsegula pakamwa.

"Khala chete iwe!" anakuwa amalume, akudziguguda pachifuwa, manja ali kale m'chingwe. "Mukufuna mundilande ndi ulemu womwe? Nzeru zonsezi ndi zanga ndekha! Lembani dzina bwinobwino: Jenerali!"