Pampu ya a Mkonzi

Mayi a kunyumba amati ndikanawafunsa iwo, akanandiuza kalekale, tili awiriwiri m'nyumba, chitseko chili chotseka. Koma sindinawafunse, ndiye ndinakazimvera pabwalo, pamaso pa mudzi wonse, mbuzi zomwe zikuonerera.

Ine ndi amene ndimalemba kanyuzi ka mamembala a magulu a zisudzo kuno kuchigwa. Musaganize za nyuzi yeniyeni ayi. Ndi timapepala topinda pakati, tomwe ndimakachita fotokope pa boma la Chikwawa magetsi akakhalapo. Mumakhala nkhani zoti gulu lakuti lapeza ng'oma yatsopano, lakuti likusowa munthu wosewera apongozi, mpikisano udzakhala liti, komanso mawu a mkonzi, omwe (ndisabise) amadya tsamba loyamba lonse. Palibe amandilipira. Changa ndi dzina basi: kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, anthu a zisudzo amanditcha a Mkonzi.

Tsono mkonzi amayenera kuoneka ngati mkonzi. Ine popanda jekete sindituluka, ngakhale mu Okutobala pamene abuluzi omwe amafuna mthunzi. Pampu ya njinga nayo, chindibereni ina pamsika, sindiisiya panjinga. Ndimaipanira m'khwapa kulikonse ndingalowe, kutchalitchi komwe. Mwachidule, ndine munthu wadongosolo.

Kanyuzika ndimakatumiza ndi a kabaza kapena a minibasi, choncho magulu ambiri sindinawaonepo akusewera kwawo. Mpikisano wa pa boma utayandikira, ndinalandira uthenga kuchokera ku gulu lina la kuseri kwa Katunga, kufupi ndi dambo, woti ndikawayendere chifukwa pali nkhani yofunika ine mwini. Ndinamva kukoma. Ndinapopa njinga, ndinavala jekete, ulendo.

Ndinafika dzuwa litapendeka pang'ono, thukuta likutsikira m'masokosi. Wapampando wa gululo, a Tchale, anandikhazika pansi pa mtengo wa nimu, pa mpando wokhawo wokhala ndi choyedzamira. Titamwa thobwa anayamba kuzungulira ngati munthu wodzabwereka khasu.

"Bwana, m'sewero lathu muli gawo lina lomwe latigawanitsa. Amasewera ndi Mai Semba, ndipo amasewera munthu wina wake wolemekezeka. Anthu akuti tipite nalo ku boma, koma ena a komiti akuti nchipongwe. Ndiye tagwirizana kuti oweruza mukhale inu. Mukati lichoke, lichoka, ndipo Mai Semba atsala, poti gawo lina alibe."

"Munthu wolemekezekayo ndi ndani?" ndinafunsa.

A Tchale anayang'ana jekete langa, anayang'ana pampu, kenako anayang'ana m'mwamba mu mtengo. "Mumuzindikira, bwana."

Anaitana Mai Semba kuti adzandipatse moni. Anali mayi wamfupi, wofatsa, wonunkhira utsi chifukwa ntchito yawo nkuwamba milamba. Anagwada chapatali, maso pansi, mawu osamveka nkomwe. A Tchale anandinong'oneza kuti mayiwa sanakwerepo nsanja ya pa boma chibadwire, ndipo anali atauza kale mwana wawo wamkazi, amene amaphunzira sekondale komweko, kuti adzabwere ndi anzake kudzawaona. Mumtima ndinati, mayi wamanyazi chonchi angachitire chipongwe ndani?

Sewero linayamba. Asodzi asema bwato latsopano, ndipo aitana mlendo wolemekezeka kuti anene mawu awiri asanaliponye m'madzi. Kuseri kwa nkhokwe kunatuluka kamkulu kovala jekete lofika m'mawondo, magalasi a waya pamphuno, bango litapanidwa m'khwapa. Ndinachita kutikita m'maso. Mayi wogwada uja anali atasoweratu. Uyu ankayenda monyang'wa, akukweza mapazi ngati pansi ponse pali ndowe. Anaima, anavula magalasi, anawauzira mpweya, anawapukuta, anakhosomola kawiri kopanda chifuwa, nati, "Mwachidule."

Abale, mwachidule wake ameneyo. Anayamba ndi mbiri ya mtengo umene anasemera bwatolo. Asodzi anakhala pansi, kenako anagona. Mayi wina wapakati anachira pomwepo, mwanayo anakula, anamera ndevu, anakafunsira mbeta, mkuluyo akadali pa mfundo yoyamba, akuloza uku ndi uko ndi bango lake. Wina akati adzuke athawe, bango linkamupeza: "Dikirani, ndikumaliza." Luso lake silinali m'mawu mokha ayi. Linali m'kachigongono, m'mene ankapendeketsera mutu podikira kuti anthu awombe m'manja pomwe palibe chowombera. Ndaona zisudzo zambiri, koma chotere sindinachionepo.

Ndinaseka mpaka thobwa linafuna kubwerera. Ndinamenya mpando, ndinapukuta misozi. Ndinaona ndithu kuti anthu ena sakuseka kwenikweni, akungoyang'ana ine, koma ndinati mwina analionera kambirimbiri (munthu ukafuna kusaona, ngakhale njovu imabisala kuseri kwa chitsa).

Litatha, a Tchale anati, "Mawu anu, a Mkonzi."

Ndinaimirira. Ndinapanira pampu m'khwapa. Ndinavula magalasi, ndinawauzira mpweya, ndinawapukuta, ndinakhosomola pang'ono kukonza kukhosi.

"Mwachidule," ndinatero.

Mayi wina kumbuyo analuma nsonga ya chitenje chake.

"Anthu ngati mkulu ameneyu ine ndimawadziwa," ndinapitiriza. "Adzadza m'misonkhano yathu. Munthu kumupatsa mpata woti apereke moni, iye nkumanga nyumba pomwepo. Ndipo taonani chijekete chake. Kutentha konseku, mutu wake ukuyenda bwino ameneyu?" (Langa ndinali nditavala, inde, koma langa ndi la nsalu yopyapyala, nzosiyana.) "Ine amene ndikumumvera chisoni ndi mkazi wake."

Apa bwalo linaphulika. Ena anagwa chagada, ena anathawira kuseri kwa nkhokwe atagwira nthiti. A Tchale anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ine kumva choncho ndinati eya, lero lilime landiyendera, ndiye ndinawonjezera moto. Ndinafotokoza mbiri ya zisudzo m'chigwa chino, ndinadzudzula atsogoleri osadziwa kumaliza, ndipo mnyamata wina atadzuka kuti akamwe madzi ndinamuloza nkumuuza kuti adikire, ndikumaliza.

Kenako ndinatembenuka kuti ndiyamikire mwini luso. Ndinasolola pampu m'khwapa nkuloza Mai Semba. Iwo anali chiimire pambali panga, jekete lili m'thupi, magalasi a waya pamphuno, bango m'manja. Mkulu wina wa imvi, amene ankasoka ukonde nthawi yonseyi osaseka ngakhale pang'ono, anakweza mutu, anatiyang'ana tonse awiri, nafunsa mofatsa, "Nanga weniweni ndi uti?"

Ndinayang'ana pampu. Ndinayang'ana bango. Mkono wanga unatsika wokha.

Zinandipweteka, ndisakunamizeni. Kusekedwa nkwina, koma kudziseka wekha mpaka misozi, nkudzitukwanira mkazi wako yemwe, nkwinanso. Ndinamva mkwiyo ukukwera, ndipo mawu oti "lichoke" anali atafika kale pa lilime. Palibe akananditsutsa, poti chigamulo anali atandipatsa okha.

Mai Semba anavula magalasi a waya aja nagwada, jekete likukhudza fumbi.

"Baba, ndilankhuleko. Kanyuzi kanu kuno kamafika kamodzi ka mudzi wonse, ndipo ambirife maso athu ndi a ukonde, osati a zilembo. A Tchale akamawerenga, anthu ankagona. Ine ndinakuonani tsiku lina pa boma mukulankhula pa msonkhano, nditabwera kudzagulitsa nsomba. Ndiye ndinati, bwanji a Tchale azindiwerengera ine, ndisunge m'mutu, ndizidzawauza anzanga mmene mwini wake akananenera. Chiyambireni, kanyuzi kakafika ana amathamanga m'mudzi monse kuti a Mkonzi abwera. Za bwatozi tangowonjezera chaka chino."

Ndinali ndikadatupa.

"Si zoseka zokha ayi," anapitiriza. "Chaka chija madzi anatithamangitsa, tili pa msasa kusukulu, kanyuzi kanatipeza komweko."

Anaimirira, anapanira bango m'khwapa, ndipo mawu anga anatuluka m'kamwa mwawo, ndi kakhosomola komwe: "Ng'oma zapita ndi madzi, zovala zapita, koma sewero silikhala m'thumba. Gulu limene latsala ndi anthu awiri, mmodzi asewere, winayo awombe m'manja."

Ine ndinali nditaiwala kuti ndinalembapo zimenezo. Ndinkayesa kuti mapepala anga amathera kukulunga mandasi. Mkulu wa ukonde uja ankagwedeza mutu.

"Tsiku limenelo palibe anaseka, baba," anatero Mai Semba. "M'mawa mwake tinayambiranso kusewera."

Ndinakhosomola, ndipo ulendo uno kukhosomola kunali kwenikweni. A Tchale anafunsa chapansipansi, "Ndiye chigamulo, bwana?"

"Gawoli lili ndi cholakwika chimodzi chachikulu," ndinatero. Ndinaona mapewa a Mai Semba akugwa. "Bango ilo. Bango nlopepuka. Pampu imalemera kumutu kuno, nchifukwa chake chigongono chimakhala chonchi. Mukapita nalo bango ku boma mukandichititsa manyazi. Gwirani iyi."

Ndinawapatsa pampu. Poona kuti jekete lawo linali lodyeka ndi njenjete, ndinalonjeza kuti tsiku la mpikisano adzavala langa. Anailandira ndi manja awiri nati, "Takhuta, baba," kenako anaipanira m'khwapa, nakweza chigongono ndendende. Tsiku limenelo anandibwezera kuti ndiyendere, koma maso awo anaiperekeza mpaka kumsewu.

Pa tsiku la mpikisano holo inadzaza. Ine ndinakhala chapakati ndi mayi a kunyumba, ndili m'malaya okha, ndikumva kamphepo m'khwapa komwe sindinakamvepo zaka zambiri. Mai Semba atangotulukira pa nsanja, asananene kanthu, holo yonse inatembenuka kuyang'ana ine. Magulu onse, a ku Nsanje omwe, oweruza omwe. Kutanthauza kuti chigwa chonse chinkadziwa, wosadziwa ndinali ine ndekha. Mayi a kunyumba anaseka mpaka duku linamasuka, akundimenya pa ntchafu: "Ngakhale kakhosomolako, bambo, ngakhale kakhosomolako." Kutsogolo kunali kamtsikana ka yunifolomu kataimirira pa benchi, kakuuza aliyense kuti awo ndi amayi anga.

Zitatha, gulu la a Tchale linakwera lole likuimba, Mai Semba ali pakati, jekete langa lili m'thupi, akutsanzika anthu ndi pampu. Ndinawabayibitsa ndi mtima woyera. Nditafika pomwe ndinasiya njinga, ndinapeza tayala lakumbuyo laphwa.

Ndinaikankha mpaka kunyumba, mayi a kunyumba akubwera m'mbuyo mwanga akuyeserera kayendedwe kanga. Jekete ndi pampu sizinabwerere mpaka lero. Uthenga umene unabwera ndi wa kabaza unati a Mkonzi a ku Katunga amazifuna mwezi uliwonse kanyuzi kakafika, ndipo ine sindinaone chotsutsa.

Ndinagula jekete lina ndi pampu ina (munthu sungayende ngati wopanda kwawo). Koma phunziro ndinalitola, ndipo ndinalumbira kuti mawu a mkonzi a mwezi wotsatirawo adzakhala mizere yochepa chabe, yoyamikira Mai Semba basi. Ndinayamba bwinobwino ndi "mwachidule". Anadya tsamba loyamba lonse ndi theka la lachiwiri, ndipo ndamva kuti mayiwo anawasunga onse m'mutu, osataya ngakhale liwu limodzi.