Dothi la ku Mwazisi

Anthu kuno ku Rumphi amandifunsa kuti ku Antarctica, dziko la madzi oundana lija, kumaoneka bwanji. Ndimangoseka. Zoona zake n'zakuti ndinakuonera pakawindo ka chipinda cha odwala.

Ndine makaniko. Nditapeza ntchito pasitima yopititsa zakudya ndi dizilo kwa ofufuza a kumeneko, ndinapita kwathu ku Mwazisi kukatsanzika. Mayi anandipatsa kampukutu ka dothi la pakhomo pathu, kodzaza dzanja.

"Uzitsinako n'kuthira m'madzi akumwa, mwana wane. Madzi achilendo amatsegula m'mimba chomene."

(Amenewatu ndi mayi osajomba kutchalitchi.) Ndinati yewo, ndinakaponya m'thumba la jekete, n'kuiwala.

Masabata anadutsa, sitima ikuswa ayezi, dzuwa osalowa. Titayandikira, mkulu wa ulendo, mayi wina wosaseka, anatisonkhanitsa. Anati mawa aliyense abweretse zovala zake kuti adzazisanthule, chifukwa lamulo limaletsa mbewu kapena dothi lachilendo kutsika kumeneko.

Ndinapisa dzanja m'thumba, n'kukhudza kampukutu kaja. Abale, ndinatuluka thukuta m'dziko la chisanu! Ndinachita mantha osasimbika. Ndinadziona atandichotsa ntchito, ndikubwerera kwa anthu amene anandiphera mbuzi ponditsanzika.

Kutaya m'nyanja? N'koletsedwa, makamera ali ponseponse. M'chimbudzi? Mapaipi akatsekeka, woitanidwa ndine ndemwe. Wamantha saganiza patali: ndinadzitsekera m'chipinda, ndinasungunula dothi lonse m'tiyi, ndinamwa mpaka mchenga wapansi. (Mayi anati kutsinako, ndikudziwa.)

Kutacha, m'mimba munalira ngati thalakitala yakale. Dokotala anandiyang'ana mwankhawa.

"Mwadya chiyani?"

"Palibe, adokotala."

"Ndiye akhoza kukhala matenda opatsirana. Simutsika."

Anzanga anatsika, ine chogona. Wophika wathu pondibweretsera phala anandisimbira za kusanthula kuja.

"Panalibe choopsa, m'bale. Anangoika ndowa pakhomo kuti amene ali ndi choletsedwa aponyemo. Ine ndinaponyamo mtedza, mkulu wa ulendo uja mpaka anandithokoza."

Ndinatembenukira kukhoma.

Nditabwerera ku Mwazisi, mayi anandigwira masaya.

"Waonda! Dothi lija sunamwe, eti?"

"Ndinamwa lonse, amama."

"Ehe! N'chifukwa chake wabwera wamoyo."

Ntchito ija andiitananso. Mayi amanga kale kampukutu kena, kokulirapo.