Khadi la Bambo Linakana Kumwa

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zinthu zoti ndikamazikumbuka ndikuseka, koma mtima sunakhale pansi mpaka pano.

Paja mukudziwa kuti mwana wanga Upile ali ku Ireland ndi mayi ake kuyambira ali ndi zaka ziwiri, ndipo Chichewa sachimva. Akubwera mu Disembala. Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikumukonzera timakhadi ta pa foni: kutsogolo chithunzi, kumbuyo liwu lake, ukadina kamalankhula. Mawu ndinasankha a makina, a mayi wina wosalala pakhosi, chifukwa angawa mukuwamva nokha. Zaka khumi ndi ziwiri zoitanira minibasi ya ku Chirimba zinawasiya akulira ngati chitseko cha dzimbiri.

Ndiye kutuloko ndinapezeka ndili pamzere ku Ofesi Yogawa Mawu, makhadi anga onse atandanda kutsogolo kwanga. Khadi la nthochi linkadandaula kuti lapsera pamzere. La njinga linkangofuna kupitirira anzake. Mwadzidzidzi zenera linatseguka, ndipo kalaliki wa tayi yofiira, a Chikuse, anandifunsa ngati ndikufuna mawu aamuna kapena aakazi, othamanga kapena oyenda mwaulemu. Ndisanayankhe khosi lawo linayamba kutalika, tayi ija n'kumera pakhosi pomwepo, ndipo amene ankandiyang'ana tsopano anali nkhukundembo yovala magalasi. Palibe anadabwa, ndiye nanenso ndinangoti aakazi, oyenda mwaulemu.

Mawuwo ankachita kutunga m'ndowa ndi kapu, n'kumwetsa khadi lililonse. La nthochi linamwa n'kunena kuti nthochi. La galu linamwa n'kutchula galu mwaulemu kwambiri moti galu wa pachithunzipo anachita manyazi n'kukhala pansi.

Lomaliza linali khadi la bambo, lomwe ndinaikapo chithunzi changa cha pachiphaso chija ndinatuluka ngati andigwira ndikuba nkhuku. Ilo linakana kapu.

"Ine mawu ndili nawo kale," linatero likundiloza. "Ndi awa aima kumbuyo kwangawa."

Ndinalitsina, n'kuliuza kuti lisandiyalutse pagulu. A nkhukundembo anandipatsa fomu yoti ndichonge pamene panalembedwa kuti mawu amodzi pa makhadi onse. Chidindo chinatsokomola n'kundifunsa ngati ndawerenga bwinobwino. Ndinachiyankha kuti ntchito yake ndi kudinda, osati kufunsa anthu mayeso. Chinadinda.

Mwadzidzidzi ofesi yonse inamera matayala, mabenchi n'kukhala mipando ya anthu anayianayi, ndiye tinali pa msewu wa ku Chileka, khadi la njinga likukangana ndi dalaivala kuti akuyenda ngati maliro. Titafika ndege inatera pa mtengo wa mango n'kupinda mapiko. Upile anatsika, wamtali kuposa pa zithunzi, mano awiri akutsogolo palibe. Anapatsa moni aliyense m'Chichewa chomveka bwino, mawu ake ndendende a mayi wa makina uja. Ndinanyada, ndinatambasula manja.

"Bambo anga ali kuti?" anafunsa mwanayo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine pano, koma panangotuluka mpweya. A nkhukundembo, omwe tsopano anali atavala yunifolomu ya pabwalo la ndege, anandionetsa fomu ija. Anati ndinachonga ndekha makhadi onse, ndipo popeza chithunzi changa chili pa khadi, inenso ndine khadi. Mawu anga akale anawataya kudzala.

Ndiye foni inalankhula m'thumba mwanga, mosalala, kuti bambo. Upile anamwetulira. Anagwada, anaitulutsa ndi manja awiri, anaikumbatira pachifuwa n'kuyamba kupita nayo, akuifotokozera za ulendo. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Zinandiwawa, anzanga, sindikunamizani. Mwana ndinamudikira zaka zisanu, akundisiya ine n'kutenga kachitsulo kogula pa kaunjika.

Ndinamuthamangira koma miyendo inali ya pepala. Khadi la bambo linkathamanga pambali panga, wefuwefu, likundinena kuti linandiuza. Kenaka linati kudzala kuja anataya zonse koma kuitanira anakulephera, kunakakamira pansi pa khosi, ndiye ndiitane monga ndinkaitanira pa siteji. Ndinakoka mpweya, ndinamenya chitseko chomwe sindikudziwa chinachokera kuti, ndipo mawu anga onse a dzimbiri anatuluka.

"Upile! Malo alipo kuno, watsala mmodzi yekha!"

Mbalame zinathawa mumtengo wa mango. Mwanayo anaima, anayamba kutembenuka, ndipo ndisanaone nkhope yake ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutacha, kondakitala wina akumenya chitseko cha minibasi pamsewu, akuitanira a m'tauni.

Sindikudziwa ngati anandizindikira. Ndisanasukusule n'komwe ndatenga foni, ndafufuta mayi uja pa khadi la bambo n'kujambulapo mawu angawa. Ndawamvetsera kawiri. Ndi oipa ndithu, ndipo chakumbuyo kukumveka hutala. Ndamutumizira Upile choncho.